Nkhata yomwe ndinabwera nayo kuchokera ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinasoka yunifolomu ya mwana wa neba n'kulipidwa matimati. Matimati ake anali abwino ndithu, akuluakulu, koma ndikuwalandira ndinadzifunsa kuti kodi munthu wandevu zake, amene anagwira ntchito zaka zambirimbiri pa fakitale ya nsalu ya pa Chegutu pano, adzafika pati ndi matimati. Fakitaleyo inali itazima kalekale. Ife amene tinkadziwa ulusi tinamwazikana, ena kukakumba golide ku Chakari, ena kukagwira maganyu m'mafamu a ku Selous. Ine ndinagula makina osokera akale n'kukhala pakhonde, koma tauni yonse inali itauma m'thumba, ndipo munthu wouma m'thumba sasoketsa chatsopano, amangoika chigamba.

Madzulo ake ndinauza mkazi wanga, Mai Tadala, kuti ndikupita. Anali akutsuka mbale ndipo sanatembenuke n'komwe. "Pitani," anatero, "koma mukadwala mudzanene. Anthu a kwanu inu mumafa pakamwa pali chitsekere." Ine ndinaseka. Ndinkaona ngati ndi zoyankhula za munthu amene sakufuna kulira pamaso pa mwamuna wake.

Dzina langa ndine Lameki. Ndinabadwira mu komboni ya pa mgodi ku Chakari, kwa bambo amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kudzafera kuno osabwererako. Ku Malawi sindinapondeko phazi, koma Chichewa ndinachiyamwa, ndipo popeza makolo a mkazi wanga ndi a komwekonso, m'nyumba mwathu timayankhula chathu. Ana okha ndiwo amamva zonse n'kukuyankha m'Chishona. Ndinawakalipira mpaka ndinatopa.

Ku Joni mnzanga wina wa kutchalitchi anandipezera malo pa shopu yosoka maovolosi. Tinkakhala mumzere, aliyense pa kampando kake kachitsulo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Malipiro ankatengera kuchuluka kwa zomwe wasoka, ndiye kudzuka kunali kutaya ndalama. Chimbudzi chinali chimodzi, kiyi wake ankakhala pa tebulo la bwana, ndipo ukamupempha kiyiyo ankayamba wayang'ana wotchi. Pamenepo ndinaphunzira nzeru ziwiri zopusa: kusamwa madzi kuti ndisamadzukedzuke, ndi kudzigwira m'mimba mukandiitana mpaka ndikafike kumene ndinkagona. Chakudya chinali buledi woyera, tchipisi ndi zakumwa za shuga. Ndiwo zamasamba ndinkangoziona pa zithunzi zomwe Mai Tadala ankatumiza za dimba lawo.

Ndalama ndinkazipeza, ndisaname. Mwezi ukatha ndinkatumiza, ndipo nyumba yathu inafoleredwa malata atsopano, ana anabwerera kusukulu, mwana wathu woyamba Tadala anaphunzira ntchito yokonza tsitsi. Ndikaona zithunzi za malatawo akuwala ndinkamva bwino mumtima, n'kupalasa makina mwamphamvu. Chimene chinkandisautsa ndi Lamulungu masana. Chipinda ndinkakhala ndi bambo wina wa ku Mozambique, mlonda, amene masana onse ankakhala ali m'tulo, choncho ndinkakhala panja pa chidebe n'kumamvera mawu amene mkazi wanga anajambula pa foni, omwewomwewo, kubwerezabwereza. Nkhani zake zinali za nkhuku, za magetsi, za amene wamwalira ndi amene wabereka. Pomaliza ankafunsa kuti, "Nanga inu thupi?" Ine yankho linali limodzi chaka ndi chaka: "Ndili bwino, Mulungu akusunga."

Vuto linayamba ngati nthabwala. Kunali kuyabwa pamalo poti munthu sungakande pagulu. Ndinasintha sopo, ndinasintha kabudula wamkati, koma ayi ndithu. Kenako kudzimbidwa kunakula. Ndinkakhalitsa m'chimbudzi ndikukankha mpaka thukuta, ndipo ndikatuluka ndinkamva ngati sindinamalize. M'mawa wina ndinaona magazi pa pepala, ofiira kuti psuu, ngati a nkhuku yongozinga kumene. Sizinkapweteka nthawi imeneyo. Patapita miyezi panayamba kutuluka kanyama ndikadzithandiza. Poyamba kankabwerera kokha, pambuyo pake ndinkachita kukabweza ndi chala, ndipo masiku ena kankatupa moti kampando kachitsulo kaja kankakhala ngati mbaula.

Kuti mumvetse mantha anga, ndiyenera kukuuzani za bambo anga. Nawonso ankataya magazi. Sanauze munthu mpaka mayi anga anaona okha, ndipo akuluakulu a mu komboni atamva anati, "Ndi mudzi chabe umenewo." Limenelo ndi dzina limene iwo ankatchulira nthenda imene kuno anthu amangoti mapayilosi. Anawamwetsa mizu, anawafukiza, anawakhazika m'madzi a makungwa. Bambo anayamba kuonda, thalauza kumachita kumanga ndi chingwe. Pamene tinkawatengera kuchipatala ku Kadoma, kumene iwo mpaka imfa yawo ankati ku Gatuma, madokotala anati ndi khansa ya m'matumbo ndipo tachedwa. Tinawaika mvula isanagwe. Ndiye ine nditaona magazi aja sindinaganize za mapayilosi ayi. Ndinaona bambo anga, ndipo ndinadziuza kuti nthawi yanga yakwana.

Mwina mufunsa kuti bwanji osapita kuchipatala. Zifukwa ndinali nazo zodzaza thumba. Mapepala anga okhalira m'dzikomo sanali olongosoka. Tsiku lopita kuchipatala linali tsiku losasoka. Komanso ndinkati ndikaganiza zovula thalauza pamaso pa namwino wa msinkhu wa mwana wanga, ndinkaona kuti bola kufa. Koma chifukwa chenicheni chinali chakuti ndinkaopa kuuzidwa. Malinga ngati palibe amene wanena, ndinkatha kusokabe ndi kutumiza ndalama.

M'malo mwake ndinagula botolo kwa munthu wina wa pa siteji ya mathekisi, amene mankhwala ake ankachiza chilichonse kuyambira shuga mpaka kusowa ntchito. Nditapaka ndinavina ndekha m'chipinda ngati ndakhalira tsabola, mlonda uja mpaka anadzuka kufunsa ngati kwabwera akuba. Mkulu wina wa ku Malawi amene tinkasoka naye anandiona mmene ndinkakhalira chammbali, n'kundinong'oneza kuti iye amadziwa kudula ndi lezala. Ndinathokoza n'kumamuzemba. Chimene chinandithandizako ndinachipanga ndekha. Ndinatola zidutswa za nsalu za maovolosi, n'kuzipota, n'kusoka nkhata yaikulu yonga imene amayi amasenzera ndowa, koma yotakata, yoti munthu n'kukhalapo pakati pali bowo. Ndinkaiika pa kampando n'kuiphimba ndi jekete. Anzanga ankati ndakalamba, ndikufuna sofa.

Chaka chimenecho mnyamata wina wa ku Kwekwe amene ankasita maovolosi athu anamwalira. Tinasonkha, abale ake anasonkha, koma thupi linakhala nthawi yaitali lisananyamuke chifukwa mtengo wonyamulira maliro kuwoloka malire ndi woopsa. Tsiku limene bokosi lake linakwezedwa mu ngolo yokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi matumba a katundu wa anthu ena, ndinaganiza za Mai Tadala akugulitsa malata aja kuti andibweretse. Ndinati ayi, ine ndipita ndekha ndikadali wotha kugula tikiti ya munthu wamoyo. Sabata yomweyo Tadala anatumiza uthenga woti pali mnyamata wa ku Selous, woyendetsa thirakitala, amene akufuna kutumiza akwawo. Chifukwa chobwerera chinapezeka chokha. Bwana ndinamuuza kuti ndikupita ku ukwati, koma matiresi ndi kachitofu kanga ndinagulitsa.

Ulendo wa pa basi sindidzauiwala. Nkhata ndinali nditaiika m'chikwama chachikulu chimene chinalowa kunsi kwa basi, ndiye kuchoka pa Beitbridge ndinayenda choimirira, nditagwira chitsulo. Mayi wina anandimvera chisoni n'kunyamula mwana wake kuti ndikhale. Ndinati zikomo, msana umandivuta. Pamene tinkadutsa Gweru, Kwekwe, n'kuona minda ya thonje yoyandikira Kadoma, kanyama kaja kanali katatupa kolimba, ndipo misozi inkalengeza, ina ya ululu, ina yoona kwathu. Ndinatsika pa Chegutu ndikuyenda ngati bakha.

Kunyumba anandilandira ndi nthungululu. Ndinadya choimirira, ndikunamizira kuyendera malata ndi dimba. Mai Tadala anandiyang'ana, anatenga chikwama changa n'kukachimasula kuchipinda.

Loweruka lake alendo anafika. Bambo anga ankakonda kunena kuti kwathu mwana wamkazi salipiritsa, koma ife tinabadwira kuno, ndipo akuchimuna anali Mashona enieni ofuna kuchita zonse mwa dongosolo lawo la malowolo, limene amati roora. Pa mwambo umenewu anthu amakhala pansi. Mipando imatulutsidwa, pakati pamaikidwa mbale yamtengo, ndipo munyai, amene ndi mkhalapakati wa mabanja awiriwo, amagwada n'kumaomba m'manja. Chilichonse chili ndi kandalama kake: kuti bambo a mwana atsegule pakamwa, kuti amve nkhani, ndi zina zotero. Mkulu wanga, Achimwene Yohane, anabwera kuchokera ku Chakari kudzandithandiza, atavala jekete la maliro ndi maukwati omwe.

Onse anakhala pa mphasa. Ine ndinayesa kupinda mawondo, ululu unandilasa mpaka m'mutu, ndipo ndinadzuka msanga n'kutsamira khoma pafupi ndi chitseko. Ndinkaganiza kuti ndiima pang'ono, nkhani ikayamba ndipeza njira. Koma nkhani siingayambe mwini mwana ali chiimire. Munyai, bambo wachikulire wa mutu wa imvi, anaomba m'manja n'kunena mwaulemu kuti, "Baba, tinokumbira mugare pasi," kundipempha kuti ndikhale. Ndinati ndamva, apitirize. Anayang'anizana ndi anzake, anatuluka kukanong'onezana, ndipo atabwerera anaponya ndalama m'mbale. Anali ataganiza kuti kwa ife a ku Malawi pali mwambo woti bambo sakhala pansi asanalipidwe.

Ndinati, "Ayi, si zimenezo." Iwo anamva kuti zachepa. Anatulukanso, anawonjezera. Achimwene Yohane anandikoka mwendo wa thalauza n'kunong'ona mokalipa kuti, "Lameki, dyera lanji limeneli? Zimenezi wazitenga ku Joni? Khala pansi, ukutichititsa manyazi." Thukuta linali likutsika m'khosi. Kunena zoona sindikanatha, kukhala sindikanatha. Munyai anaombanso m'manja, ulendo uno nkhope itagwa, n'kunena kuti ngati banja lino silikuwafuna ndi bwino awuzidwe, asavutitse anthu. Anzake anayamba kuyang'ana kumene anasiya nsapato. Tadala, amene ankamvera ali kuchipinda ndi azakhali ake, anatulukira pakhomo misozi ili mbwembwembwe. "Baba, ko chii? Hamumude here?" Ankafunsa ngati sindikumufuna mnyamatayo, mnyamata amene ndinali ndisanayankhule naye n'kamodzi komwe.

Apo ndi pamene Mai Tadala anadzuka. Anagwada kwa alendo, anapepesa, anati bambo atopa ndi ulendo ndipo akufuna kumwa mankhwala, n'kundiuza kuti, "Baba Tadala, tabwerani kuno." Ananditengera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa. M'manja anali atanyamula nkhata yanga.

"Katundu wake ndi wotani ku Joniko wosenzera nkhata yotere?" anafunsa. Ndinayang'ana pansi. "Mwadya choimirira masiku onsewa. Kabudula wanu ndachapa ndine. Tsopano ndiyankheni, musandizungulire. Magazi ake ndi ofiira kapena akuda?"

Pa zaka zonse za ukwati wathu tinali tisanayankhulepo za kumalo kumeneko. Ndinayankha ngati mwana wa sukulu kuti ndi ofiira.

"Amabwera pa pepala ndi kudontha pambuyo, kapena amasakanikirana ndi chimbudzi?"

"Pa pepala. Nthawi zina amadontha."

"Pali kanyama?"

Ndinavomera ndi mutu. Kenako zinangotuluka zokha. Ndinati, "Mai Tadala, ndi nthenda ya bambo. Ndabwera kudzafera pakhomo." Ndipo ndinalira, ine bambo wa mwana wokwatiwa, nditatsamira khoma la bafa.

Sanandinyengerere. Anati, "Thalauza ili ndinakugulirani ndine musanapite, ndipo lero likukuthinani. Bambo anu ankamanga ndi chingwe. Ine si dokotala, ndipo Lolemba tikupita kuchipatala, mufune musafune. Koma lero simufa. Lero mukwatitsa mwana." Analowa m'bafa n'kutulutsa beseni la buluu limene lakhala pakhomo pathu kuyambira kalekale, limene ankatiletsa tonse kuchapiramo kapena kutsukiramo mbale. Anathiramo madzi ofunda a mu ketulo n'kundiuza kuti ndikhalemo. Ndinafunsa kuti nzeru zimenezi anazitenga kuti. "Mumati beseni limeneli n'lachiyani? Ine mapayilosi anandiyamba ndili ndi mimba ya Tadala, n'kumabwerera mimba iliyonse. Anamwino a kusikelo ndiwo anandiphunzitsa. Theka la amayi a kutchalitchi kwathu akuwadziwa mapayilosi. Inu abambo nokha ndi amene mumayesa chinsinsi."

Madzi aja anandipepuza ndithu. Mai Tadala anaika nkhata ija pa mphasa, anaiphimba ndi chitenje chatsopano chopindapinda, n'kulengeza kwa alendo kuti kwathu bambo wa mwana amakhala pa chitenje cha mkazi wake. Bodza lake linali loyera bwino moti Achimwene Yohane anavomereza ndi mutu ngati akuudziwa mwambowo. Ndinakhala pansi pang'onopang'ono. Munyai anaomba m'manja, amayi analuluta. Ndalama zoonjezera zija ndinalamula kuti zibwezedwe, ndipo nkhani inayenda mpaka kumapeto. Mkamwini wanga ndi mnyamata wofatsa. Mpaka lero amandiopa, amati ndine munthu wovuta kukhazika pansi.

Lolemba tinapita ku kiliniki ya pa Chegutu pompano. Namwino anali wamng'ono ndithu ngati mmene ndinkaopera, koma nkhani yanga anaimva ngati ndikumuuza za chifuwa. Anafunsa mafunso omwe aja a mkazi wanga, n'kuwonjeza ena: ngati ndaonda popanda chifukwa, ngati kapitidwe kanga kuchimbudzi kasintha n'kukhala kutsekula ndi kudzimbidwa mosinthana, ngati ndimamva chizungulire kapena kutopa kwambiri, ngati m'mimba mumapweteka, ngati pachibale pali amene anadwalapo matumbo. Nditatchula bambo anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Anandiyeza kuseri kwa katani, mwaulemu, ndipo zinatha ndisanamalize kuchita manyazi. Anati zimene waona ndi mapayilosi, mitsempha ya kotulukira chimbudzi imene imatupa chifukwa cha kudzimbidwa, kukankha ndi kukhalitsa pansi. Koma anati munthu wa msinkhu wanga, wotaya magazi, amene bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'matumbo, sangamubweze kunyumba ndi mafuta opaka okha, chifukwa nthenda ziwirizi zimatha kukhalira limodzi. Anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Kadoma.

Mawu ake ena ndimawakumbukira bwino chifukwa anawanena akundiloza ndi cholembera. Anati magazi otuluka kumeneko, ngakhale ochepa, si oti munthu azidziyeza yekha, aonedwe ndi achipatala. Ndipo akakhala akuda ngati phula, kapena osakanikirana ndi chimbudzi, kapena ochuluka osaleka, kapena kanyama kakatupa kolimba n'kukana kubwerera, kapena pakabwera mafinya ndi kutentha thupi, pamenepo si podikira kuti kuche bwino. Za lezala atamva anagwira pakamwa.

Ku Kadoma ndinalowa pa geti lomwe tinalowetsera bambo. Anandipatsa tsiku, anandimwetsa mankhwala otsuka m'mimba, n'kundiunika m'matumbo ndi kachipangizo kokhala ndi kamera. Masiku odikira anali aatali. Mai Tadala ankangondipatsa ntchito, kukonza khola, kumanga mpanda wa dimba, kuti ndisakhale ndi mpata woganiza. Pamapeto pake dokotala anati m'matumbo mulibe chotupa chilichonse. Mapayilosi aja anawamanga ndi timphira kuti afote, n'kundiuza kuti ndizibwera kudzaunikidwa nthawi ndi nthawi chifukwa cha mbiri ya bambo, ndiponso kuti ndiwauze abale anga achite chimodzimodzi. Titatuluka ndinagula malalanje pa geti, tinakhala pa benchi, ndipo ndinadya atatu. Ndinali wosangalala ngati mwana.

Ku Joni sindinabwerereko. Ndalama zimene ndinasunga ndinagulira makina abwino, ndipo tsopano ndimasoka maovolosi a anyamata okumba golide, amene amang'amba zovala msanga kuposa mmene ndingasokere. Sindilemera, koma matimati ndimagula ndekha. Botolo la madzi limakhala pambali pa makina, ndikasoka pang'ono ndimadzuka n'kuyendayenda, m'mimba mukaitana ndimapita nthawi yomweyo popanda kupempha kiyi kwa munthu. Ufa timadya wa mgaiwa, masamba a m'dimba sasowa, mapapaya ndi magwafa ndimadya ngati mbalame. Nthendayi nthawi zina imandikumbutsa kuti ilipo ndikachita mphwayi, koma tsopano timadziwana. Achimwene Yohane ndinawauza zonse, ndipo atamaliza kuseka za ndalama za munyai anafunsa kuti ku Kadomako amayamba nthawi yanji. Ndinawaperekeza ndekha.

Tsiku lina tikupalira m'dimba ndinawafunsa Mai Tadala chimene chinkandizunguza mutu. Ndinati mapayilosi ndamva kuti munawadziwa pa thupi lanu, koma funso lija la magazi ofiira kapena akuda munalitenga kuti? Anaimika khasu.

"Zofunda za bambo anu ankachapa ndani?" anatero. "Mayi anu manja anali atatha. Ndinkachapa ndine. Ndinaona kuti magazi awo sakufanana ndi anga, awo anali akuda, onunkha. Ndinadziwa kuti si mudzi umenewu. Koma mtengwa angawafunse apongozi ake aamuna za kuchimbudzi? Ngakhale kukhala nawo mphasa imodzi sindinkakhala nawo. Ndinawauza mayi anu, iwo anati akuluakulu anena kale. Inu ndinakuyambirani kawiri, munati nkhani zimenezo si za ana. Ndiye ndinatseka pakamwa, n'kumachapa." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Tsiku la maliro awo ndinalumbira kuti wanga yekha sadzapita choncho. Ulemu ndidzaupereka pa zina zonse, koma pamenepa ndidzafunsa."

Ndinayenda mtunda wonse uja, ndinabisa nthenda kwa anthu a m'mayiko atatu, ndinagulitsa matiresi kuti ndidzafe mwaulemu, pamene munthu wodziwa funso loyenera anali pakhomo panga nthawi yonseyi, akundifunsa pa foni mwezi ndi mwezi kuti nanga inu thupi. Ndinatola khasu lawo n'kumaliza mzere wawo.

Nkhata ija ikadalipo. Mai Tadala anaimasula, anaichepetsa, ndipo madzi akasiya kutuluka m'mipopi amasenzera chigubu pochokera ku mjigo. Amayi anzawo amaisirira kuti ndi yolimba, n'kumafunsa kuti anaigula kuti. Iwo amayankha kuti anabwera nayo bambo kuchokera ku Joni, ndipo amakhala akundiyang'ana ine.